Myuziyamu ya ku Karonga ndi mwana wa zaka 5: mmene ndaionera ine

Ngati mukuphunzitsa mwana wanu kunyumba ndipo wafika pa msinkhu uja wofunsa kuti kalekale kunali chani, maganizo anga ndi awa mosapita m'mbali: myuziyamu ya ku Karonga ndi malo amene ndingauze kholo lililonse kuti liyambirepo hisitole ndi mwana wa zaka 5. Osati poti ndi yaikulu ayi, munthu wamkulu wachangu atha kuzungulira monse n'kutuluka ola lisanathe. Chimene anachita bwino kumeneko ndi kuyala zinthu motsatana, ichi kenako ichi kenako ichi mpaka kudzafika pa ife amene tikupuma lero, ndipo mwana wa msinkhu wa kumkaka chimene mutu wake umatha kugwira pa nkhani zakale ndi chimenecho basi, kuti ichi chinayamba, ichi chinabwera pambuyo. Zaka ayi. Wanga mpaka pano chilichonse chimene chinadutsa amati dzulo, kubadwa kwake dzulo, ukwati wa azakhali ake dzulo, nde munthu wotereyu ukamuuza kuti 1891 umangotaya malovu pachabe.

Tisanapite uko tinali ndi ka pulogalamu kena kogula pa intaneti, ka mapepala oti uzisindikiza wekha, kolipira m'madola, ndipo mukudziwa nokha mmene dola ikuvutira kupeza. Zithunzi zokongola zedi, koma sabata yoyamba George Washington, yotsatira mbendera ya America, kenako nkhukundembo ya Thanksgiving kuti mwana ayipente. Kwa mwana wa ku Ohio ndi zake ndithu, akatuluka panja amaziona, koma wangayu ankangopenta kuti athane nazo apite akasewere. Mapulogalamu ena amayambira ku Egypt, mapiramidi ndi ma Farao, bola amenewo poti Farao amamudziwa kale ku Sande sukulu, komabe zonse zimathera papepala, palibe choti mwana ayime pambali pake n'kudziyeza nacho.

Dzina lake lenileni ndi Cultural & Museum Centre Karonga, ili m'tauni momwemo, simungasochere, wa njinga ya kabaza aliyense akufikitsani. Anaitsegula a Bingu wa Mutharika mu Novembala 2004. Chionetsero chake anachitcha From Dinosaurs to Democracy, ndipo ndi mmene chimayendera ndithu, chimayambira pa zinyama zimene zinatha kalekale anthu kusanakhale, kubwera kwa anthu oyambirira, anthu osula zitsulo, Angonde ndi ufumu wawo, malonda a akapolo, atsamunda, nthawi ya Kamuzu, mpaka zipani zambiri. Zonsezi ndi nkhani za dera limodzi lomwelo la Karonga, ndipo apa ndi pamene pali mphamvu yake, chifukwa sukuchita kumudumphitsa mwana kuchoka ku Egypt kupita ku Greece kupita ku Rome pamene sakudziwa n'komwe kuti Dedza ili mbali iti. Dothi ndi lomwelo, nyanja ndi yomweyo imene waiona pawindo la galimoto, chimene chikusintha ndi amene akuyendapo.

Tiyambe ndi mwini wake wa malowa, dayinoso wotchedwa Malawisaurus. Mukangolowa simuchita kumufunafuna, ali pakatikati, mafupa okhaokha atayimikidwa, khosi lalitali, mchira wautali, kamutu kakang'ono kosagwirizana ndi thupi lake. Mwana wanga anayamba waima pakhomo n'kundigwira chitenje, funso loyamba linali loti kodi aluma. Achimwene amene ankatiperekeza anagwada kufika pa msinkhu wake n'kumuuza kuti uyu sankadya ana, ankadya masamba, ndipo anafa kale agogo a agogo ake asanabadwe. Basi mantha anathera pomwepo, anayamba kumuzungulira, kuwerenga nthiti, kutaya chiwerengero, kuyambiranso. Ine ndinangomusiya. Makolo anzanga, pamenepa musathamangire kufotokoza, musiyeni mwana ayang'ane mpaka akhute, mafunso abwera okha ndipo amakhala abwino kuposa amene mukanakonza inuyo.

Zoti mudziwe inu akuluakulu kuti musachite manyazi mwana akakufunsani: chinyamachi chinakhalako zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, ndi cha m'gulu la madayinoso a makosi ataliatali odya zomera, ndipo mafupa ake anawafukula m'boma lomwelo la Karonga, cha ku Mwakasyunguti. Oyamba kulemba za mafupawa analemba mu 1928 atawapatsa dzina lina, kenako m'zaka za m'ma 1980 kunabwera gulu la Louis Jacobs wa ku yunivesite ina ya ku Texas limene linakumba limodzi ndi a nthambi ya boma yoona zakale, ndipo mu 1993 ndi pamene dzina loti Malawisaurus linakhazikika. Amene ayimikidwa mu holomo ndi oumba potengera mafupa enieniwo, ndipo ine ndinamuuza mwana zoona zake, kuti enieniwo ndi okalamba kwambiri sangapirire kuyimikidwa pamawaya anthu n'kumadutsa pafupi tsiku ndi tsiku. Sanakhumudwe olo pang'ono, iye zoti ndi enieni kaya oumba alibe nazo ntchito, chimene amafuna kudziwa ndi choti mwana wake wa chinyamacho ali kuti.

Chimene chinandisangalatsa ine pandekha, ngati mayi wa mwana wamkazi, ndi choti m'gulu lokumba lija munali Mmalawi, mzimayi, Dr Elizabeth Gomani, amene anaphunzira za mafupa akalewa mpaka kufika pa udokotala, ndipo mu 2005 analemba za dayinoso winanso wa dera lomweli n'kumutcha Karongasaurus. Nditamuuza mwana kuti amene anakumba ndi anti ngati ine ndemwe, olankhula ngati ife, nkhani inasintha. Chibwerereni kuseri kwa nyumba kwathu kuli maenje okhaokha, supuni zanga ziwiri zinapindika, ndipo wafukula kale mafupa a nkhuku amene galu anakwirira, akuti ndi a dayinoso wamng'ono kkkk. Bambo ake akudandaula za kapinga koma ine ndati musiyeni.

Chachiwiri ndi chaching'ono kwambiri moti mwana atha kuchidutsa osachiona ngati inu simumuyimitsa: nsagwada ya m'munsi ya munthu wakalekale, mano ali pomwepo. Inapezeka mu 1991 ku Uraha, kufupi ndi Chilumba, pa kafukufuku amene ankatsogolera Friedemann Schrenk wa ku Germany ndi Timothy Bromage wa ku America, akatswiri amaitchula kuti UR 501 ndipo amati ili ndi zaka pafupifupi 2.4 miliyoni, ya mtundu wa anthu umene amautcha Homo rudolfensis, umodzi mwa mitundu yakale kwambiri ya gulu lathu la anthu. Kwa mwana zonsezo ndi phokoso chabe. Chimene chinagwira ntchito ndi mano. Wanga dzino lakutsogolo linali litayamba kugwedera masiku amenewo nde nkhani ya mano inali pamtima, anatsegula pakamwa n'kumayerekeza ake ndi a mu galasimo, n'kuona kuti akumbuyo a munthu uja ndi akuluakulu kuposa anga. Ndinamufunsa kuti ukuganiza ankadya chani ndi mano otere, iye akuti chimanga chokazinga. Apa nde panabwera phunziro losakonzekera, loti chimanga kunalibe nthawi imeneyo, chinachokera ku America ndipo chafika kuno zaka mazana ochepa chabe zapitazo, ngakhale makolo athu Amaravi poyamba nsima yawo inali ya mapira ndi mawere. Zoti kunali nthawi imene kunalibe nsima ya chimanga zinamuzunguza mutu kuposa dayinoso uja. Mpaka pano akamadya amafunsa kuti kodi ichi chinaliko kalekale, tomato analiko, shuga analiko, ndipo ineyo ndimachita kukafufuza usiku iye atagona.

Tsopano vuto limene mudzakumane nalo, ndipo si la myuziyamuyi yokha, ndi la malo aliwonse amene aika zaka mamiliyoni m'chipinda chimodzi. Dayinoso ali apa, munthu wa nsagwada ali apo, masitepe ochepa chabe, nde mwana amangomaliza yekha kuti awiriwa ankaonana, mwinanso munthuyo ankamukwera pamsana, poti makatuni a pa TV amaonetsa zomwezo. Mawu sangachotse zimenezo m'mutu mwake. Chimene tinachita ife, madzulo ake tinapita kunyanja pamchenga, ndinalemba mzere ndi kamtengo n'kunena kuti apa ndi lero, sitepe iliyonse imene uponde kubwerera m'mbuyo ndi zaka 1 miliyoni. Munthu wa mano uja, masitepe awiri ndi theka, tinaikapo botolo la madzi. Dayinoso, tiye tiyende. Tinayenda, kuwerenga, kudutsa mabwato, kudutsa amayi ena amene ankatsuka mapoto akutiyang'ana ngati tazungulira mutu, mpaka kupitirira 100, iye atatopa kale akufuna kuberekedwa. Titatembenuka botolo lija likuoneka kadontho. Kenako anafunsa kuti nanga agogo ali pati, ndinabwerera naye pa mzere woyamba uja n'kumuonetsa kuti agogo, Kamuzu, azungu oyamba kufika kuno, onsewo ali pa mzere pomwepa, danga lawo n'lopyapyala ngati tsitsi limodzi. Sindikunena kuti anamvetsa miliyoni, olo ine sindiyimvetsa, koma miyendo yake inamva kuti uyu ali kutali, uyu ali pafupi, ndipo zokwerana pamsana zija sanazinenenso. Ngati mupita chitani zimenezi tsiku lomwelo zinthu zikadali m'maso, siziononga ndalama.

Pali nkhani ina imene ndikudziwa kuti ambiri muli nayo mumtima poti ambiri amene timaphunzitsa ana kunyumba kuno ndife anthu opemphera, ndipo mabuku ambiri amene amayenda m'magulu athu a pa WhatsApp ndi ochokera ku matchalitchi a ku America amene amaphunzitsa kuti dziko lili ndi zaka masauzande ochepa okha. Myuziyamuyi siyizemba, imanena za zaka mamiliyoni ndi za kusintha kwa zamoyo poyera, ndi mmene sayansi imanenera. Nde konzekani, chifukwa mwana wa Sande sukulu adzafunsa ndithu kuti Adamu ali kuti, wanga anafunsa mokweza anthu ena akumva. Ine ndinamuyankha kuti Baibulo limatiuza amene analenga, mafupawa akutiuza zimene anthu apeza atakumba pansi, ndipo ukamakula tizikambirana zambiri. Ena simugwirizana nane, chabwino, nyumba iliyonse ili ndi mayankhidwe ake. Chimene sindingagwirizane nacho ine ndi kumubisira mwana mafupa amene anatuluka m'dothi la dziko lake lomwe poopa funso. Adzawaonabe tsiku lina, ku sekondale kaya pa foni, ndipo adzakufunsani chifukwa chimene munamubisira. Kambiranani ndi bambo akunyumba kapena mayi akunyumba musananyamuke kuti yankho likhale limodzi, osati wina uku wina uku pamaso pa mwana.

Mbali ya Angonde tinadutsa mwachangu, ngakhale ndi yabwino. Mfumu yawo yaikulu ndi Kyungu, likulu lakale linali pa phiri la Mbande kunja kwa tauni, ndipo ufumuwo ulipobe mpaka lero, chimene kwa mwana ndi chothandiza poti akuona kuti zakale zina sizinathe. Iye chimene anakonda ndi ziwiya basi, miphika, makasu, mikondo, kufunsa kuti pulasitiki ali kuti.

Pamene muyenera kuchenjera ndi pa malonda a akapolo. Karonga nkhani imeneyi ndi yake kwambiri. Kunali Mlozi, wamalonda wachiswahili amene anamanga malinga ake cha ku Mpata n'kumagwira Angonde, anamenyana ndi azungu a kampani ya African Lakes kuyambira 1887 mpaka 1889 osagonja, Frederick Lugard yemwe uja anadzatchuka ku Uganda ndi ku Nigeria anavulazidwa pa nkhondo imeneyi, mpaka mu Disembala 1895 pamene asilikali a Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda nthawi imeneyo, anagumula linga lake n'kumupachika. Ndi nkhani yolemera, ndipo mwana wa zaka 5 sangainyamule yonse. Koma sindinafunenso kumutseka m'maso n'kumudutsitsa. Ndinamuuza ziganizo zitatu zokha, kuti kale kunali anthu oipa mtima amene ankaba anzawo n'kukawagulitsa kutali, kuti zimenezo zinali zoipa kwambiri, ndipo kuti zinaletsedwa sizichitikanso pano. Anafunsa ngati ankabanso ana, ndinati eya. Anakhala chete, kenako anafunsa ngati amayi awo anawapeza. Apa ndinangoti ena anawapeza ena ayi, n'kumunyamula kupita kwina. Usiku umenewo anagona pakati pathu. Ngati mwana wanu ndi wamantha kwambiri, wolota zoopsa, pemphani amene akukuperekezaniyo musanayambe kuti mbali imeneyi adutse mopepuka, athuwo anamva msanga ndipo sanalowe m'zakupha ndi kupachika, anangoyang'ana nkhope yanga n'kudziwa polekezera. Pa chimenecho ndiwapatsa ulemu.

Ndipo chonde musamuphunzitse mwana kuti oipa anali Aluya ndi Aswahili ngati Mlozi okha, abwino anali azungu. Mafumu ena athu omwe ankagulitsa anthu, ndipo azungu amene anathetsa ukapolowo ndi omwewo anatenga dziko n'kubweretsa msonkho ndi thangata. Mwana wa zaka 5 simungamuuze zonsezo lero, koma musamuikire maziko okhota oti mudzavutike kuwongola ali sitandade 6.

Za nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ambiri sitidziwa kuti inamenyedwanso pa nthaka ya Malawi. Mu Seputembala 1914 asilikali a Germany anatsika kuchokera ku dziko limene pano ndi Tanzania n'kumenyana ndi a Britain pa Karonga pomwepo, ndipo manda a ena amene anafa alipo m'tauniyo. Ambiri amene ankagwira mfuti mbali zonse ziwiri anali anthu akuda. Bambo ake ndi amene anakhalitsa pamenepa, mwana anali atayamba kale kufunsa za fanta.

Mbali yomaliza, ya Kamuzu ndi kubwera kwa zipani zambiri, ndimaganiza kuti imutopetsa koma ndi imene yatipatsa ntchito yambiri kunyumba, chifukwa apa hisitole inakumana ndi anthu amene iye amawadziwa. Nditamuuza kuti dziko lathu linkatchedwa Nyasaland ndipo linakhala Malawi pa 6 Julaye 1964 agogo ake aakazi ali kamtsikana, sanakhulupirire, choyamba zoti agogo anakhalapo kamtsikana. Tinawaimbira foni tili panja pa myuziyamu pomwepo. Mayi anga nde anamasuka, kuvina pamaso pa Kamuzu atavala chitenje cha nkhope yake, makadi a chipani amene ankafunsidwa polowa mumsika ndi pokwera basi, zoti mzimayi sankaloledwa kuvala thalauzi, ndi za pa 14 Juni 1993 pamene anakaima pamzere kusankha pakati pa tambala wakuda ndi nyali. Mwana anagwirapo chimodzi chokha, cha thalauzi, poti iye anali atavala jinzi tsiku limenelo. "Agogo, nde akanandimanga?" Mayunitsi anatha nkhani isanathe. Chibwerereni Lamlungu lililonse ali ndi funso limodzi la agogo, ine ndimalemba yankho m'kope, iye amajambula chithunzi chake pansi. Ngati makolo anu ali moyo, ajambuleni mawu pa foni, musadikire.

Chinanso chimene tapitiriza nacho ndi ndalama za m'chikwama. Pa K20 pali Inkosi ya Makhosi M'mbelwa II, pa K50 Inkosi ya Makhosi Gomani II, pa K100 James Frederick Sangala, pa K200 Rose Chibambo, pa K500 ndi K2000 John Chilembwe, pa K1000 ndi K5000 Kamuzu. Timatenga imodzi pa sabata, nkhani yake yaifupi, kenako timaiika pa chingwe chimene tamanga pakhoma la pabalaza ndi mapegi a zovala, amene anayamba kumanzere, wobwera pambuyo kumanja, kutengera mmene anayalira ku Karonga kuja. Chilembwe wa 1915 ali kumanzere kwa Rose Chibambo amene anamangidwa mu 1959 ali ndi khanda m'manja, kenako chithunzi cha agogo, cha ine, cha iye. Dayinoso sanakwane pakhomalo, iye mwini anaganiza zokamumata pa geti.

Poyerekeza ndi malo ena amene tinafikako: myuziyamu ya ku Chichiri ku Blantyre, imene inatsegulidwa mu 1966, ili ndi zinthu zambiri ndipo panja pali mutu wa sitima yakale yoyendera nthunzi ndi zimagalimoto zakale zimene ana amazikonda, kwa a ku Blantyre ndi pafupi nde pitani ndithu, koma kumeneko ulusi wolumikiza nkhani muyenera kubwera nawo nokha. Ku Mua, ku Kungoni kumene anayambitsa bambo Claude Boucher mu 1976, za chikhalidwe cha Achewa, Angoni ndi Ayao palibe kwina kumene mungazione zitasonkhanitsidwa chonchija, koma chipinda cha zigoba za gule wamkulu kwa mwana wa zaka 5 ndi nkhani ina, ena amasangalala ena amalira, komanso mabanja ena a Chichewa ali ndi malamulo awo pa zoti mwana aone chani, nde ine ndingati kumeneko dikirani akuleko pang'ono. Karonga imapambana pa chinthu chimodzi chomwe chija, mzere woongoka, kuphatikiza chinyama chachikulu chokopa mwana kuti alowe mu mzerewo.

Choipa chake chachikulu ndi mtunda. Kuchokera ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 600, kuchokera ku Mzuzu oposa 200, ndipo pali chitsikireni cha ku Chiweta chokhotakhota chija, ngati mwana wanu amasanza m'galimoto tengani majumbo ndi zovala zosinthira pafupi, osati mu buti. Kukongola kwake nyanja ikamaonekera pansi sindikana, koma mwana wodwala mutu saona zimenezo. Ife tinalumikiza ndi ulendo wa ntchito wa bambo ake, kupanda apo ndi mtengo wa mafuta wa panowu sindikanapita chifukwa cha myuziyamu yokha, ndipo sindingakuuzeni kuti mutero. Lumikizani ndi zina, ukwati wa ku Mzuzu, holide ya kunyanja, kaya ulendo wa ku Songwe kukaoda katundu, kapena kukwera ku Livingstonia kuchokera pa Chitimba ngati galimoto yanu ndi yamphamvu, kumene kuli nyumba yamiyala ya mmishonale Robert Laws. Ndalama yolowera mu myuziyamu siyoboola m'thumba, chimene chimadya ndalama ndi msewu ndi pogona. Malo amene tinagona ife, sinditchula dzina, neti inali yobooka ndipo fani inasiya kuzungulira magetsi atazima pakati pa usiku, nde nyamulani neti yanu ndi mafuta othamangitsa udzudzu, kunyanja malungo si nkhani yoseweretsa.

Kutentha nakonso, Karonga kumatentha zenizeni makamaka Okutobala ndi Novembala, pitani m'mawa akangotsegula, mwana atadya, madzi ali m'manja. Miyezi ya Juni ndi Julaye ndi yabwinoko. Funsiranitu masiku ndi maola otsegulira musananyamuke, makamaka ngati mukufika Lamlungu kapena pa holide. Zolembalemba za m'makoma ndi za inu akuluakulu, mwana simungamuwerengere zonse, sankhani zinthu zinayi kapena zisanu zoti muyimepo, zinazo dutsani, ndipo akayamba kukhala pansi kapena kukoka chitseko dziwani kuti kalasi yatha olo mutakhala kuti simunafike kumapeto. Tengani kope ndi makrayoni, wanga anakhala pansi n'kujambula chinyama chija miyendo isanu ndi umodzi, palibe anamuthamangitsa. Za kujambula ndi foni funsani kaye pakhomo.

Mwana wosakwana zaka 4 ndingati musavutike, adzangoona chinthu chachikulu n'kuiwala. Wa zaka 5 mpaka 7 ndiye pake penipeni, ndipo ngati muli ndi wamkulu wa ku pulayimale mutengeni limodzi, iye adzapindula ndi mbali ya Mlozi ndi ya 1914 imene wamng'onoyo akuidutsa. Pa nyenyezi zisanu ine ndikupereka zinayi, imodziyo ndachotsa chifukwa cha mtunda, umene si mlandu wawo. Pobwerera musaiwale kugula mpunga wa kilombero m'mbali mwa msewu, koma nunkhizani kaye ndipo thumba lipendeni mpaka pansi, ena amasakaniza.